Mawaya a tirela ataduka pa Bedford ya asilikali pamsewu wa Makanjira

Lole imene timayendetsera geni ndi Bedford MJ, mtundu umene asilikali a ku Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1981. Ine ndi alamu anga tinaigula kwa munthu amene inali itamutopetsa, pamodzi ndi tirela yake ya matayala awiri, yausilikalinso. Chinatikopa n'chakuti imakoka ndi matayala onse anayi. Amene anayendapo msewu wa Mangochi kupita ku Makanjira, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, akudziwa kuti pamchenga ndi pamitsinje ya kumeneko lole wamba imangokumba pansi. Ife timanyamula matumba a usipa wouma kuchokera m'madoko a kumeneko kupita ku Limbe, pobwerera n'kutengako simenti, malata ndi katundu wa m'magolosale.

Wotigulitsayo anatifotokozera zambiri za injini ndi giyabokosi, koma za magetsi anangoti zonse zimayaka. Zinkayakadi, ndiye panalibe anaganiza zosuzumira pansi. Lole za mtundu uwu zimayendera mavoti 24, kuchokera ku mabatire awiri a mavoti 12 olumikizidwa motsatana. Soketi ya tirela nayo si ija ya mabowo 7 imene tinazolowera pa malole ena. Ndi ya NATO, mgwirizano wa asilikali a mayiko monga Britain ndi America, ya mabowo 12, ndipo bowo lililonse lili ndi chilembo chake.

Zinachitika Lachitatu lina mu Okutobala 2024, dzuwa likuswa mtengo. Tinali titadzaza lole ndi tirela yomwe, tikubwerera, ndipo amayi eni ake usipawo anali atakhala pamwamba pa matumba. Pamtsinje wina pamene mlatho unawonongeka, magalimoto amatsikira pansi n'kuwoloka pamchenga. Potuluka pamafunika kukhota kwambiri uku ukukwera, ndipo m'mbali muli zitsa za mitengo imene anadula polambula njirayo. Chingwe cha magetsi cha tirela chinali chitayamba kale kulendewera chifukwa mphira imene inkachikweza m'mwamba inali itatha ndi dzuwa. Chinakola chitsa. Pulagi ya NATO imagwira zolimba, choncho siinazuke. Chinazuka ndi soketi yonse, n'kudula mawaya a lole kumbuyo kwake. Sipanala boyi wathu atakuwa kuti tiime, tinapeza soketi ikukwekwereza pansi ili chilumikizire ku pulagi, ili ndi timichira ta mawaya tosakwana chala kutalika, uku mtolo wa mawaya oduka ukulendewera pa chesisi.

Dalaivala anangokulunga mtolowo n'kuumanga ndi chingwe kuti tifike pamsika wapafupi. Apa ndi pamene munthu ayenera kuima kaye, kuchotsa batire, n'kukulunga nsonga ya waya aliyense payekhapayekha ndi tepi, ngakhale ndi kapepala ka pulasitiki. Nsonga zosavala zikakhudza chitsulo zimapanga shoti. Ife pongoponda mabuleki koyamba, fyuzi ya nyali za mabuleki inapsa. Ngati tirela yanu ili ndi mabuleki a mpweya, onaninso mapaipi ake musananyamuke, chifukwa chimene chakola chingwe chimatha kukhadzulanso paipi.

Vuto linali nthawi. Ku Limbe timayenda usiku, kudzera ku Liwonde ndi Zomba, kuti nsomba zikafike msika ukutsegulidwa. Tirela yopanda nyali usiku pamsewu wa M3 ndi ngozi yodziitanira, ndipo pa rodibuloko ya ku Liwonde sungadutse nayo. Amayi aja anali atayamba kale kudandaula. "Achimwene, anzathu akatitsogolera mtengo ukagwa, mutibwezera ndinu?" Sankanama. Malole angapo akafikira limodzi, usipa umatsika mtengo m'mawa womwewo.

Pamsikapo anatilozera mnyamata amene amakonza njinga zamoto ndi masola. Anati ku Joni ankagwira ntchito pagalaja ya malole a Benz, ndipo mawaya a tirela ndi nkhani ya mphindi zochepa. Tinagwirizana K15,000. Anayamba bwino ndithu, anachotsa theminolo, kachitsulo komangira waya pa mutu wa batire. Kenako anasenda mawaya n'kuyamba kupota, wofanana mtundu ndi wofanana mtundu. Koma mawayawo anali okalamba, akuda ndi oyilo ndi fumbi, angapo ooneka obiriwira onse, osiyana kamzere kakang'ono kokha kamene kanali katafufutika. Pamene sanathe kusiyanitsa ankangolota. Waya wabulauni, wonenepa kuposa anzake, anati ndi ethi, waya wobweza moto ku batire kudzera pa chitsulo cha lole, ndipo popeza kamchira kake kusoketi kanali katazukiratu, anaumangirira pa bawuti ya chesisi.

Pobwezera theminolo panathetheka moto waukulu. Iye anati mavoti 24 amatero, n'kuikhomerera ndi sipanala. Nthawi yomweyo utsi woyera unayamba kutuluka pansi pa lole, kuchokera ku mabatire mpaka kumbuyo, ndi fungo la pulasitiki yopsa. Theminolo ija inali italowa zolimba, yotentha yosagwirika. Amayi anadumpha pamatumba akukuwa, ena akuthira mchenga paliponse. Ine maso anali pa thanki ya dizilo ndi pa lona wokutira nsomba zouma, miyendo ikunjenjemera, ndikuwerengera m'mutu ngongole ya lole ndi katundu wa eni ake. Dalaivala ndiye anaikanula theminoloyo ndi chitsulo chochotsera matayala. Utsi utatha, mnyamata uja anali atasowa.

Usiku umenewo tinagona pamsika. M'mawa ndinapeza lole ina yopita kuboma la Mangochi imene inavomera kutenga matumba ndi eni ake mpaka ku Limbe, ndipo ndalama zonse zimene amayiwo anandilipira zinapita kwa mwini loleyo, ndi zina zapamwamba. Alamu anga atafunsafunsa kuboma anapeza madala ena amene anapuma pa ntchito ya usilikali, kumene ankakonza magalimoto. Anafika Lachinayi masana pa kabaza wa njinga yamoto. M'kachikwama kawo munali mpeni, pulayazi, kope la sukulu, bolopeni, tepi ya pepala yolembapo, waya wautali wokhala ndi fyuzi pakati, ndi babu la mavoti 24 lowotcherera mawaya awiri. Nditaona zida zakezo mtima unatsika, ndinkayembekeza makina.

Anagona pansi pa lole, n'kutsata waya wabulauni uja ndi dzanja mpaka ku mabatire. Potuluka anandifunsa kuti, "Mphwanga, anakuuzani ndani kuti uyu ndi ethi?" Nditawafotokozera anapukusa mutu. Pa magalimoto a ku Germany, anatero, wabulauni ndi ethi zoona, ndiye mnyamatayo sananame za ku Joni. Koma pa magalimoto akale a ku Britain wabulauni ndi wamoto wochokera ku batire, ethi ndi wakuda. Pa chingwe cha tirela wamba cha mawaya 7 ethi ndi woyera, wakuda ndi wabulauni ndi a nyali za kumbuyo, wofiira ndi wa mabuleki, pamene pa Bedford wofiira ndi wa nyali za kumbuyo. Ndipo pa malole a asilikali a ku America mawaya onse ndi akuda, amasiyana timanambala tokhomedwa pa tizitsulo kunsonga. Wathu wabulauniyo ankapititsa moto ku tirela nthawi zonse, kiyi ali chozimitsa, ndipo panjira yake yonse panalibe fyuzi. Kumumanga pa chesisi kunali kulumikiza mbali ziwiri za mabatire mwachindunji. Anasungunula chikopa chake n'kumatirira anzake mumtolo, pamtunda wa mamita atatu, zonse zitagwirana ngati phula.

Ndinawaonetsa chithunzi cha mawaya a soketi ya NATO chimene mnzanga wina ananditumizira pa WhatsApp usiku. Anachiyang'ana n'kunena kuti n'cholondola, koma ndi cha Amereka. Zilembo n'zofanana kulikonse: A, B, C, D, E, F, H, J, K, L, M, N, palibe G ndi I. D ndi ethi, E ndi nyali za kumbuyo, K ndi moto wowonjezera uja wa waya wabulauni. Kusiyana kuli pa ma indiketa. Amereka babu limodzi limagwira ntchito ya mabuleki ndi ya indiketa, kumanzere pa B, kumanja pa J. Angerezi B ndi J ndi mabuleki okha, ma indiketa ali pa M ndi N. Ndikanatsatira chithunzicho, indiketa ikanamathwanima pa nyali yofiira ya mabuleki. Anawonjeza kuti ngakhale cha Angerezi chenichenicho sakanachikhulupirira, chifukwa lole ya zaka pafupifupi 40 yadutsa m'manja ambiri ndipo aliyense anasiyamo zake.

Anayambira ku tirela, osati ku lole. Anatsuka pulagi ndi mswachi mpaka zilembo zinaoneka. N'zazing'ono kwambiri, ndipo mukayang'ana soketi chakumbuyo zimakhala motembenuka, za kumanja zili kumanzere, choncho werengani chilembo chenichenicho, osati malo. Anachotsa kaye waya wopsa uja ku batire, n'kuika theminolo ina m'malo mwa yosungunukayo. Kenako anakoka mawaya awiri kuchokera ku mabatire. Wa negetivi anaugwiritsa pa phini ya D. Wa pozitivi, uja wa fyuzi ya ma ampu 5 pakati, ankakhudzitsa phini imodziimodzi, sipanala boyi ali kumbuyo kwa tirela kunena chimene chayaka. "Zofiira zonse, pang'ono!" Madala n'kulemba m'kope: E. "Yachikasu kumanzere!" M. "Yofiira yowala kumanja!" J. Phini imene sinayatse kanthu ankalemba kamzere. L inapezeka kuti ndi ethi yachiwiri. Ameneyo anamudziwa poika babu lawo pakati pa waya wamoto ndi phiniyo, babu n'kuyaka mokwanira, tirela osayaka kalikonse. Fyuzi ili pa wayayo ndi yotetezera pomwepa, kuti mukakhudza phini ya ethi mosadziwa ipse ndi iyo. Posakhalitsa tinali ndi chithunzi cha tirela yathuyathu, cholembedwa ndi bolopeni.

Ku lole anang'amba mtolo wa mawaya kubwerera kutsogolo mpaka pamene chikopa chinali chabwino, n'kudula zopsa zonse. Nsonga iliyonse anaitalikitsa ndi inzake. Asanabwezere batire anachita chinthu chimene ndikupempha aliyense achite: nyali zonse zili zozimitsa, anaika babu lija pakati pa mutu wa negetivi wa batire ndi theminolo yake. Babu likawala kwambiri ndiye kuti shoti ikadalipo penapake, musalumikize. Lathu silinayake. Pochotsa batire yambani ndi theminolo ya negetivi yopita ku chesisi, pobwezera ikhale yomaliza, kuti sipanala ikakhudza chitsulo pasathetheke moto. Wotchi yachitsulo ndi mphete muvule.

Anasintha fyuzi yopsa ija, n'kuuza dalaivala kuti ayatse nyali za kumbuyo. Waya mmodzi wa babu anaugwiritsa pa chesisi pamalo opala bwino, winayo akukhudza nsonga imodziimodzi. Palibe inayaka. Ponda mabuleki, zii. Indiketa, zii. Ine apa ndinakhala pansi, ndikudziwa kuti ngati moto wafika mpaka mukabini ndiye kuti lole ikokedwa. Madala anakwera mukabini, ndinangomva kuti khe, n'kutsika akuseka. Malole a asilikali ali ndi swichi ya nyali yokhala ndi mbali yoyendera mumdima nthawi ya nkhondo. Ikakhala mbali imeneyo imadula nyali zonse za masiku onse, za mabuleki ndi ma indiketa zomwe, n'kusiya tinyali tobisika totsogolera lole ya m'mbuyo. Pa chipwirikiti cha utsi chija sipanala boyi anapotokola swichi iliyonse imene anaiona, ndipo iyi anaisiya kumeneko. Lole yotere ikangozima nyali zonse nthawi imodzi, yambirani pa swichi imeneyi musanang'ambe chilichonse.

Zitatero zinayenda. Nyali za kumbuyo: babu layaka pa waya uyu, tepi ya pepala, alemba E. Mabuleki: layaka pa awiri, B ndi J. Ma indiketa sanathwanime chifukwa fulasha, kachipangizo kamene kamawathwanimitsa, inali itapsa, poti waya wamoto uja atasungunuka anakhudzana ndi a ma indiketa ndi chesisi nthawi imodzi. Madala anaichotsa n'kulumikiza kwa kanthawi waya wolowa ndi wotuluka, kuti indiketa iziyaka osathwanima, n'kupeza M ndi N. Wa ethi anamupeza potembenuza: waya mmodzi wa babu ku pozitivi, winayo pa nsonga zotsala, nyali zonse zozimitsa. Ethi weniweni amayatsa babu mokwanira. Waya wa nyali amathanso kuliyatsa mozilala chifukwa moto umadutsira m'mababu a lole, ndiye kuwala kwake muzikuyang'anitsitsa. Ndinawafunsa chifukwa chake sagwiritsa ntchito mita yoyezera magetsi. Anati mita imaonetsa 24 ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi kadzimbiri, pamene babu la mawati 21 limakoka moto pafupifupi ampu imodzi, ndipo waya wodwala amaonekera pomwepo. Babu loyesera likhale la mavoti 24. La 12 limangothwanima kamodzi n'kupsa, ndipo mukhoza kuganiza kuti wayayo ndi wakufa.

Anandifunsa ngati mu tirela muli chilichonse chofuna moto nthawi zonse. Munalibe. Waya wabulauni sanamubwezerenso, K inatsala yopanda kanthu. Amene mumamufuna, muikireni fyuzi pafupi penipeni ndi batire, osati kumbuyo. Mawaya a nyali za nkhondo anawatseka nsonga n'kuwapinda. Pa mabowo 12 aja tinatsala ndi 7 ogwira ntchito: D, L, E, B, J, M ndi N. Choncho chingwe wamba cha mawaya 7 chinakwanira kulowa m'malo mwa mbali yopsayo.

Lachisanu ndinakwera matola kupita kuboma, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kukagula zipangizo. Ndinafika nthawi ya Juma, masitolo amene ndinkawafuna ali otseka mpaka anthu atatuluka kumzikiti. Chingwe, tepi, mafyuzi ndi solda ndinazipeza. Mababu amene anayamba kundipatsa anali a mavoti 12, ndipo maonekedwe ake sasiyana n'komwe ndi a 24. Werengani pa chitsulo cha babu musanalipire: 24V 21W a mabuleki ndi ma indiketa, 24V 5W a nyali za kumbuyo. Fulasha ya mavoti 24 yokhoza kunyamula mababu a lole ndi a tirela sindinaipeze. Alamu anaitanitsa ku Blantyre, inabwera pa minibasi Loweruka.

Kumbuyo kwa soketi ya NATO mawaya amalowa m'timakapu n'kuwotcherera ndi solda, ndipo pamsikapo magetsi kunalibe. Madala anabwereka chitsulo chamkuwa kwa wokhoma zidebe, n'kumachitenthetsa pa mbaula. Koma mankhwala a asidi amene okhoma zidebe amapaka anawakana, anati amadya waya pang'onopang'ono mpaka kuduka mkati. Solda ya magetsi ili ndi mankhwala ake kale mkati. Polumikiza chingwe chatsopano ndi mawaya akale sanaike mfundo zonse pamalo amodzi. Waya aliyense anamudula utali wosiyana ndi mnzake, kuti mfundo zitsatane, tepi ikamasuka zisakhudzane. Kuno ku Mangochi tepi yotchipa simachedwa kumatuka ndi kutentha, ndiye pamwamba pake anavekapo paipi ya mphira n'kumanga kunsonga zonse kuti madzi a pamtsinje asalowe. Amene mungapeze timapaipi tija tofota ndi moto, n'tabwino koposa tepi. Mtundu wa waya aliyense watsopano ndi chilembo chake analemba m'kope, tsambalo n'kundipatsa.

Titalumikiza pulagi zonse zinayaka, koma indiketa ya kumanzere ikamathwanima nyali zofiira za tirela zinkathwanima nawo mozilala, ndipo poponda mabuleki indiketayo inkaima. Dalaivala anati mawaya asemphananso. Madala sanakhudze n'komwe soketi. Anamasula nyali ya kumanzere ya tirela, n'kupeza bawuti ya ethi itadyeka ndi dzimbiri. Moto ukasowa njira yobwerera umadutsira m'mababu ena, ndiye nyali zikamachita zachilendo chotere yambani mwakayikira ethi. Anapala mpaka chitsulo kuwala, n'kumanga ndi bawuti yatsopano, girisi pamwamba. Anatinso tisadalire ndowe yokokera kuti ndiyo ikhale ethi, chifukwa imagwedera ndipo imakhala ndi girisi ndi mchenga, nyali zimangophethira panjira.

Chomaliza chinali chimene chinayambitsa zonse. Soketi anaibwezera pa chitsulo chatsopano chokwera pang'ono, ndipo chingwe cha kumbuyo kwake anachimanga zolimba pa chesisi n'kusiya kopindika pang'ono, kuti china chikadzakokanso mphamvu isafike pa mfundo. Chingwe cha tirela anachikoleka m'mwamba ndi mphira ya chubu. Kenako anauza dalaivala kuti abwerere m'mbuyo akukhota mpaka tirela itapinda kotheratu, kumanja kenako kumanzere, iwo akuyang'ana ngati chingwe chikukokeka kapena kupanika pa chitsulo chokokera. Kumanzere chinkakokeka, anasuntha mphira ija.

Ndalama zinapita motere. Mnyamata uja anali atalandiriratu K10,000. Madala anatenga K70,000, kuphatikizapo kabaza ndi chakudya. Chingwe, solda, tepi, mafyuzi, mababu, theminolo ndi chitsulo cha soketi zinakwana K85,000. Fulasha ndi minibasi yake K45,000. Mlonda woyang'anira lole usiku K12,000. Lole imene inatenga nsomba inadya ndalama yonse ya ulendowo ndi K60,000 yapamwamba, ndipo katundu wobwerera naye amene tinalonjeza anthu a magolosale anatenga ena. Batire limodzi silinachire bwino ndi shoti ija. Linayamba kufooka m'mawa, ndipo madala anati pa mavoti 24 osasintha limodzi lokha, chifukwa latsopano ndi lakale samwa moto mofanana ndipo onse amatha msanga. Mu Disembala tinagula awiri, ndalama yoposa zonse ndatchulazi kuziphatikiza.

Tinanyamuka pamsikapo Loweruka madzulo, opanda katundu. Amayi aja usipa wawo unafika ku Limbe mochedwa ndi tsiku, ndipo anagulitsa motsika. Ena anabwerera kwa ife titawachotserako mtengo pa ulendo wotsatira, koma gulu la ku doko lina linapita kwa mwini lole ija inawapulumutsa, ndipo mpaka pano amakweza kumeneko.